Mmene mungafufuzire mileme ya makutu aatali ku Nkhotakota popanda kuigwira

M'chaka cha 2000, akatswiri awiri a ku Russia, Sergei Kruskop ndi Leonid Lavrenchenko, analengeza za mtundu wa mleme umene unali usanalembedwepo m'mabuku a sayansi. Anaupeza m'nkhalango ya Harenna, pa mapiri a Bale ku Ethiopia, ndipo anaupatsa dzina lakuti Plecotus balensis. Ndi mleme waung'ono wodya tizilombo, wokhala m'nkhalango zachinyontho za pamwamba pa mapiri, ndipo makutu ake ndi aatali kwambiri moti amatsala pang'ono kulingana ndi thunthu lake. Kufikira lero, anthu amene anauonapo ndi maso ndi owerengeka.

Mleme umenewu sunapezekepo ku Malawi, ndipo palibe chifukwa choti munthu aziyembekezera kukumana nawo kuno. Chimene nkhani yake ikutiuza n'chakuti nkhalango za pamapiri, zimene zimakhala pazokhapazokha mozunguliridwa ndi tchire louma kapena minda, zimatha kusunga zamoyo zimene palibe anazilemba. Ifenso tili nazo nkhalango zoterozo. Pamwamba pa phiri la Chipata, m'malo osungirako nyama a Nkhotakota, pali kankhalango kobiriwira chaka chonse pamtunda wopitirira mamita 1,600, ndipo ina yotere ili pa phiri la Ntchisi, m'boma loyandikana nalo. Tilinso ndi mleme wathu wa makutu aatali wosadziwika bwino, wotchedwa Laephotis botswanae, umene unalembedwa koyamba mu 1971 ndipo wapezekapo ku Botswana, Zambia, Zimbabwe ndi kuno ku Malawi. Mbale wake, Laephotis wintoni, amene analembedwa mu 1901 kuchokera ku Kenya, amapezeka kwambiri m'madera okwera, kuyambira ku Ethiopia mpaka ku Lesotho.

Mphunzitsi, mwana wa sukulu wa kalabu ya zachilengedwe, mlimi wa njuchi kapena wolondolera alendo angathe kuthandiza kuti mileme imeneyi idziwike, ndipo safunika ukonde kapena msampha. Chofunika ndi diso lodziwa poyang'ana, kope, foni yojambula bwino, ndi kudziletsa kuti asatchule dzina la mleme asanaone zizindikiro zokwanira.

Yambani ndi kudziwa nkhope ndi mchira

Pa dziko lonse pali mitundu ya mileme yoposa 1,400, ndipo ku Malawi kwalembedwa yoposa 60. Woyamba kumene amaganiza kuti akaona makutu aatali ndiye kuti wapeza mleme wosowa uja, koma nthawi zambiri sizikhala choncho. Mleme wa makutu aatali umene anthu a ku Nkhotakota ndi Salima amakumana nawo kawirikawiri ndi wa gulu la Nycteris, makamaka Nycteris thebaica, umene uli ponseponse mu Africa. Makutu ake amafika masentimita atatu ndipo amaima chilili ngati a kalulu, motero ndi woyamba kukopa maso. Pachifukwa chimenechi, makutu akhale chongokuitanani, koma chiweruzo chichokere pa nkhope ndi pa mchira.

Mleme wa Nycteris uli ndi mng'alu wotsika pakati pa nkhope, kuchokera pamphumi kufika kumphuno, ngakhale kuti ubweya umaubisa pang'ono mleme ukapuma. Mchira wake ndi wautali, wonse uli mkati mwa nembanemba yolumikiza miyendo yakumbuyo, ndipo kunsonga kwake kumagawikana n'kupanga chilembo cha T. Palibe mleme wina wa kuno umene uli ndi mchira wotere, choncho chithunzi chimodzi chooneka bwino cha nsonga ya mchira chimathetsa mkangano. Mileme imeneyi imagona ili lende, mutu pansi, pamalo a mdima koma otakasuka: m'makalavati a pansi pa msewu, m'mphako za milambe, m'mapanga, m'nyumba zosiyidwa, ngakhale m'maenje a nyama.

Laephotis ndi wosiyana kwambiri. Nkhope yake ndi yosalala, yopanda mng'alu kapena tinyama tomera pamphuno. Makutu ake ndi afupiko poyerekeza ndi a Nycteris, pafupifupi masentimita awiri, otambalala kutsinde ndi osongoka kunsonga, ndipo m'malo moima chilili amapendekera m'mbali mwa mutu. Pakhomo pa khutu pali kanyama koimirira, kamene akatswiri amakatcha tragus, ndipo pa mleme umenewu kanyamako n'kakakulu, kooneka bwino. Ubweya ndi wofiirira modera pamsana ndi wotuwirako kumimba. Mchira uli mkati mwa nembanemba, koma umathera pansonga imodzi. Thupi lonse sililemera kufika magalamu 10, ndipo fupa lalitali la phiko, kuchokera pachigongono kufika pamfundo pamene payambira zala, silifika masentimita anayi pa Laephotis botswanae. Mleme woterewu sukonda kulendewera poyera. Umadzipanikiza m'ming'alu ya miyala ndi kuseri kwa makungwa amene ayamba kusupuka pa mitengo youma.

Pali magulu ena atatu ofunika kuwadziwa kuti muziwachotsa msanga pa mndandanda wanu. Mileme ya Rhinolophus ili ndi chikopa chozungulira pamphuno, ilibe kanyama ka pakhomo pa khutu kaja, ndipo pogona imadzifunditsa mapiko thupi lonse. Mileme imene imadzaza m'madenga a malata a masukulu ndi matchalitchi a m'mbali mwa nyanja, ija yafungo ndi yaphokoso madzulo, ili ndi mchira wotulukira kunja kwa nembanemba, milomo yamakwinya ndi makutu ofupika okhuthala. Yodya zipatso ndiyo yosavuta: ndi yaikulu, ya maso aakulu ndi mlomo wautali, ndipo amuna a mtundu wa Epomophorus ndi amene amalira mobwerezabwereza usiku wonse m'mitengo ya mango. M'gulu lomweli muli mileme ija imene imasonkhana mamiliyoni ku Kasanka, ku Zambia, kuyambira Okutobala mpaka Disembala.

Chenjezo lina n'la iwo amene adzafufuze maina pa intaneti. Mu 2020 akatswiri anasanjanso magulu a mileme ing'onoing'ono ya mu Africa, ndipo mleme wina wofala kwambiri, wa makutu aafupi, wokonda kugona m'madenga a nyumba, anausamutsira m'gulu la Laephotis n'kuutcha Laephotis capensis. Choncho mukaona dzina la Laephotis pa mapu a zamoyo za m'dera lanu, onetsetsani dzina lachiwiri musanasangalale.

Chifukwa chake makutu amatalika

Kudziwa ntchito ya makutuwa kumathandiza kusankha malo odikirira. Mleme wodya tizilombo umauluka mu mdima potulutsa mawu okwera kwambiri ndi kumvetsera mmene mawuwo akubwerera akagunda nthambi kapena kachilombo. Khutu la munthu limalekezera pa 20 kHz (kHz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), pamene mileme yambiri imalira pamwamba pa apo, ndiye chifukwa chake timaiona ikuuluka mwakachetechete. Agulugufe ausiku ambiri ali ndi timakutu tomva mawu amenewa, ndipo akangomva mleme ukubwera amakhota mwadzidzidzi kapena kudzigwetsa pansi. Mileme ya Plecotus ndi Nycteris inapeza njira ina: imalira motsitsa kwambiri kuti isamveke patali, ndipo imadalira makutu ake aakuluwo kumva kupupuma kwa gulugufe pa tsamba, kuyenda kwa kangaude pa khungwa, kapena nkhululu m'masamba ouma. Imauluka pang'onopang'ono pafupi ndi zomera, nthawi zina n'kutola chakudya pansi penipeni, ndipo Nycteris thebaica umadya ngakhale zinkhanira.

Pamenepa pakutuluka mfundo ziwiri za ntchito yanu. Yoyamba, musayang'ane kumwamba koyera kumene kumathamanga mileme ya m'madenga, koma yang'anani m'munsi, m'mphepete mwa nkhalango, m'tinjira ndi pamwamba pa madzi odekha. Yachiwiri, makina omvera mileme sakuthandizani kwambiri pa mitundu yolira motsitsa, monga tionere kutsogoloku.

Chilolezo ndi kukonzeka

Musanapite kulikonse, konzani za chilolezo. Malo osungirako nyama a Nkhotakota, amene kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,800, akuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire kuyambira mu 2015. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, ndipo kuli njati, akambuku ndi ng'ona za mumtsinje wa Bua. Kumeneko munthu salowa yekha, ndipo za kuyenda madzulo kapena kukwera phiri la Chipata muyenera kukambirana ndi oyang'anira malowo kuti akupatseni wokuperekezani. Nkhalango za Ntchisi ndi Thuma ndi zotetezedwa pansi pa nthambi ya zankhalango, ndipo ku Thuma nakonso kuli njovu. Kutchera mileme ndi ukonde ndi ntchito ya akatswiri okhala ndi chilolezo cha boma, amenenso anabayitsa katemera wa chiwewe, ndipo munthu wamba asayese ngakhale atakhala ndi ukonde wa udzudzu pafupi, chifukwa mapiko a mleme sachedwa kung'ambika.

Kumudzi nako kuli mwambo wake. Munthu woyenda ndi tochi usiku kuseri kwa nyumba za eni, n'kumayang'ana m'mitengo, amaganiziridwa zakuba kapena zaufiti, makamaka pamene chomwe akufuna ndi mleme. Pitani kaye kwa amfumu masana, mufotokoze cholinga chanu, ndipo ngati n'kotheka mutenge munthu wa m'mudzimo woyenda naye. Mitengo ikuluikulu yakale yatsala kwambiri kumanda, ndipo n'zoona kuti kumeneko mileme imapezeka, koma manda ali ndi eni ake, ndipo m'midzi ya Achewa ena ndi malo a dambwe. Akakukanizani, imani kunja kwa msituwo madzulo ndi kuwerenga zotulukamo, zimenezo n'zokwanira.

Katundu wofunika si wambiri. Tengani tochi, ndipo kugalasi kwake mumangirire pulasitiki yofiira, popeza kuwala kofiira sikusokoneza mileme ngati koyera. Tengani kope ndi pensulo, rula, magolovesi okhuthala, chophimba pamphuno ndi pakamwa, ndi foni yodzaza moto. Valani nsapato zotseka chifukwa cha njoka, ndi malaya a manja aatali chifukwa cha udzudzu. Mukamayenda masana m'tchire la Nkhotakota pewani zovala zakuda ndi zabuluu, zimene zimakopa kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera amene amadziwika m'bomali.

Nyengo ndi malo

Nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene mwera ukuomba, si yabwino kwa woyamba kumene. Tizilombo timachepa, ndipo pamwamba pa phiri mileme ing'onoing'ono imatha kungokhala duu pogona pake usiku wozizira kuti isunge mphamvu. Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi yabwino kwambiri, chifukwa kwafunda, udzu wapsa, njira zikuyendeka, ndipo madzi atsala m'maiwe owerengeka momwe mileme yonse ya m'deralo imabwera kudzamwa ikuuluka. Akatswiri amene anagwirapo Laephotis kawirikawiri anaugwira pafupi ndi madzi, choncho dziwe la mumtsinje wotsika kuphiri, lokhala ndi miyala ndi mitengo m'mbali, ndi malo oyenera kuyambira. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zikatuluka, mileme imachuluka mlengalenga moti kuiona n'kosavuta, koma imeneyi ndi nthawi yomwenso yambiri imabereka. Mleme waukazi nthawi zambiri umabereka mwana mmodzi pa chaka, ndipo ukadzidzimutsidwa umatha kumugwetsa. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, musalowe pogona pa mileme. Onererani muli panja.

Pa za malo, ganizirani mtunda ngati masitepe atatu. Kunyanja, m'mbali mwa msewu wa M5, kuli milambe, makalavati, milatho ndi nyumba zakale, kumene mudzaphunzirire Nycteris ndi mileme ya m'madenga. Mukayamba kukwera, monga mmene umachitira msewu wa M18 wopita ku Kasungu, mumalowa m'tchire la mombo, tsamba, mchenga ndi masuku, lodukizadukiza ndi mitsinje ya mbawa ndi mikuyu, ndipo Laephotis botswanae ndi mleme wa tchire lotereli. Pamwamba penipeni ndiye pali nkhalango yobiriwira ija. Malangizo anga ndi akuti muyambire kunsi ndi kukhalitsako, chifukwa amene sanazolowere mileme wamba sangazindikire yachilendo ikamudutsa.

Kufufuza masana

Ntchito yaikulu imachitika dzuwa lili pamutu, ndipo ndi yoyang'ana pansi. Zitosi za mleme wodya tizilombo ndi zazing'ono, zakuda, zofanana ndi za mbewa, koma mukazikanikiza ndi kamtengo zimafumbutuka n'kuonetsa tizidutswa tonyezimira ta zikamba za tizilombo, pamene za mbewa zimakhala zolimba. Mileme yodya zipatso imasiya madontho amadzimadzi ndi zotafunatafuna za zipatso pansi pa mtengo.

Chizindikiro chokoma kwambiri ndi malo odyera. Nycteris ukagwira gulugufe wamkulu, bwanoni kapena nkhululu, suudyera mlengalenga. Umapita nacho pamalo amodzimodzi usiku uliwonse, monga pakhonde la kalasi, m'chigafa cha fodya, pansi pa mlatho kapena m'bafa yopanda chitseko, n'kudya thupi lokha ndi kutaya mapiko ndi miyendo. Mukapeza mulu wa mapiko a tizilombo pamodzi ndi zitosi pansi pa mtanda wa denga, mwapeza malo oti mudzabwerereko usiku. Yalani pepala pamenepo madzulo, m'mawa mujambule zomwe zagwerapo, ndipo mukachita zimenezi kwa milungu ingapo mudzakhala ndi mbiri ya chakudya cha mlemewo popanda kuukhudza. Alimi amachita chidwi akaona kuchuluka kwa mapiko a agulugufe ausiku pa pepalapo, popeza mbozi zambiri zowononga mbewu, kuphatikizapo ntchemberezandonda, zimachokera ku mazira a agulugufe a gulu limeneli.

Pa kalavati, gwadani pakhomo ndi kuunika pang'ono kudenga kwake, mutayang'ana kaye ngati mulibe njoka kapena mavu. Mukaona mileme, jambulani kawiri kapena katatu, muzimitse tochi ndi kuchokapo isanayambe kuuluka. Mleme wothamangitsidwa masana umagwidwa ndi akabawi ndi akhwangwala. M'mapanga okhala mileme yambiri musalowe. Fumbi la zitosi zakale limatha kukhala ndi nkhungu yoyambitsa matenda a m'mapapo otchedwa histoplasmosis, ndipo mleme wodya zipatso wokhala m'mapanga, Rousettus aegyptiacus, ndi umene umasunga kachilombo ka Marburg, matenda amene anabuka ku Tanzania mu 2023 ndi ku Rwanda mu 2024.

Mitengo youma yoimirira ndiyo yofunika kuipatsa nthawi yambiri, ndipo apa m'pamene woonerera amayesedwa. Mukaona khungwa lotukuka, lokhala ndi mpata wolowa chala kuseri kwake, mtima umafuna kulikanganula kuti muone zomwe zili mkati. Musatero, chifukwa khungwa likachoka silibwereranso, ndipo mwagwetsa nyumba imene mumafuna kuilemba. Unikani kuchokera pansi, yang'anani zitosi patsinde, lembani malo ake pa foni, ndipo mubwerenso madzulo kudzadikira. Mitengo yotereyi ndi yomwe imayamba kutha m'nkhalango zoyandikana ndi midzi, popeza wofuna nkhuni amasankha youma ndipo amaona kuti sanalakwire aliyense. M'malingaliro anga, komiti ya zankhalango ya m'mudzi imene yagwirizana zosiya mitengo youma ingapo chiimire yachitira mileme iyi zambiri kuposa imene yabzala mitengo ya bulugamu yambirimbiri, ngakhale kuti kubzalako kuli ndi phindu lake.

Kudikira madzulo

Kuno dzuwa limalowa pakati pa 5:20 ndi 6:20 madzulo malinga ndi mwezi, ndipo mdima suchedwa kugwa. Fikani pamalo theka la ola dzuwa lisanalowe, mukhale pansi moti mtengo, mphako kapena khomo la kalavati likhale pakati pa inu ndi thambo lakumadzulo, kuti chotuluka chioneke ngati chithunzithunzi chakuda pa kuwala kotsalako. Tochi ikhale yozimitsa ndipo macheza adikire. Mukakhala awiri, mmodzi aziwerenga ndipo wina azilemba nthawi imene mleme woyamba watuluka, chiwerengero chonse, ndi mbali imene yalowera.

Mileme ya m'madenga imatuluka msanga, mothamanga, n'kukwera m'mwamba. Youluka pang'onopang'ono imadikira kuti kude ndithu, choncho musanyamuke yoyambayo ikangotha. Khalanibe ola lathunthu. Kaulukidwe ka Nycteris ndi kopepuka, kokhotakhota, kotsika mpaka m'mawondo, ndipo pa kuwala kofiira makutu amaoneka bwino. Pa dziwe mudzaona mileme ikutsika n'kukhudza madzi ndi pakamwa, koma kunena zoona simungatchule mtundu wa mleme waung'ono pongouona ukuuluka, ndipo akatswiri omwe satero. Chimene mukupeza pa dziwe ndi kudziwa kuti malowo ndi ofunika, uthenga umene ofufuza okhala ndi chilolezo amaufuna posankha potchera maukonde awo.

Sukulu kapena kalabu imene ingapeze makina omvera mileme idzapindula nawo. Echo Meter Touch ndi kachipangizo kolumikiza ku foni kamene kamatsitsa mawu a mleme kuti munthu awamve ndi kuwajambula pa sikirini, pamene AudioMoth ndi kabokosi kamene mumakamangirira pa mtengo n'kukasiya kakujambula usiku wonse. Kumbukirani kuti mileme yolira motsitsa imamveka pokhapokha ikadutsa pafupi kwambiri ndi makinawo, motero kusamveka kwake sikutanthauza kuti kulibe. Ndiponso dzina limene pulogalamu ya pa foni ingakupatseni lisakhale lomaliza, chifukwa mapulogalamu oterewa anakonzedwa potengera mileme ya m'mayiko ena. Sungani mawu ojambulidwawo monga alili, pamodzi ndi tsiku ndi malo.

Mleme ukapezeka pansi kapena m'nyumba

Mwayi weniweni woona Laephotis pafupi umabwera mwangozi: mphaka wabweretsa mleme pakhonde, odula mtengo aupeza pansi pa khungwa, kapena walowa m'nyumba motsatira tizilombo ta pa nyale. Wamoyo wouluka m'chipinda, utsegulireni mawindo ndi chitseko, muzimitse nyale, ndipo udzatuluka wokha. Ukatera pa khoma kapena pansi, ujambuleni kaye, kenaka muuvindikire ndi kabokosi, mulowetse chikatoni chopyapyala kunsi kwake, muboole timabowo ta mpweya ndi kuikamo kansalu koti ugwirire. Sungani bokosilo pamthunzi, kutali ndi ana ndi amphaka, ndipo kukada mukalitsegulire pa thunthu la mtengo, pamwamba ndithu, popeza mileme yambiri imavutika kunyamuka kuchokera pansi.

Zithunzi zothandiza ndi zinayi: nkhope moyang'anizana nayo, mutu cham'mbali kuti khutu ndi kanyama ka pakhomo pake zioneke, msana wonse, ndi mchira. Ikani rula pambali, kapena bokosi la machesi ngati rula palibe. Mleme wakufa mungathe kuutambasula phiko mutavala magolovesi n'kuyeza fupa lalitali lija m'mamilimita, muyeso umene akatswiri amayamba kufunsa, kenaka muukwirire mozama ndi kusamba m'manja ndi sopo.

Wamoyo kapena wakufa, mleme sugwiridwa ndi manja osavala kanthu. Mileme yambiri ilibe matenda, koma ina imakhala ndi tizilombo ta gulu la chiwewe, ndipo kamodzi mwa ito, kotchedwa Duvenhage, kanapezekapo mu Nycteris thebaica ku Zimbabwe. Mano a mleme ndi aang'ono moti bala silioneka bwino, ndipo anthu amalinyozera. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke pamalopo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo kukafunsa za katemera wa chiwewe, osadikira zizindikiro, chifukwa chiwewe chikayamba kuonekera sichichizika.

Kulemba ndi kutumiza

Zimene mwaona zimakhala ndi phindu pokhapokha wina atatha kuzitsimikiza. Pa chilichonse lembani tsiku, nthawi, dzina la mudzi ndi mfumu yaikulu ya deralo, manambala a GPS osonyeza malo enieni, ochokera pa foni, mtundu wa malo, mtundu wa mtengo ngati mukuudziwa, mmene kunja kunalili, ndi chiwerengero cha mileme. Lembaninso masiku amene munadikira osaona kanthu, chifukwa nawo amauza ofufuza za nyengo ndi malo amene mileme imapewa.

Zithunzi mungaziike pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti pamene anthu odziwa mileme a m'mayiko osiyanasiyana amathandiza kutchula maina. Ngati chithunzicho n'cha pogona pa mileme, sankhani kubisa malo enieni, kuopa kuti ena angapite kukaisuta ndi utsi. Kuno kwathu kuli bungwe la African Bat Conservation, limene limachita kafukufuku wa mileme ndi kuthandiza anthu amene mileme yawalowera m'madenga, ndipo za m'malo otetezedwa muzidziwitsanso oyang'anira malowo. Zambiri zimene zikudziwika za mileme ya dziko lino zinachokera kwa ofufuza ochepa, monga David ndi Meredith Happold amene anagwira ntchitoyi m'zaka za m'ma 1980, motero chithunzi chimodzi chabwino chochokera m'mudzi wa m'munsi mwa phiri chikhoza kuwonjezera dera latsopano pa mapu a mtundu wina.

Polemba dzina, lekezerani pamene umboni wanu walekezera. Ngati mwaona mng'alu pankhope ndi T kumchira, lembani Nycteris basi, popeza mitundu ya m'gululi imasiyanitsidwa ndi mano ndi maonekedwe a kanyama ka m'khutu, zimene chithunzi cha foni sichionetsa kawirikawiri. Ngati nkhope ndi yosalala, makutu ndi aatali opendekera m'mbali, ndipo fupa la phiko silikufika mamilimita 40, lembani kuti mukuganizira Laephotis, muonjezere muyeso ndi zithunzi zonse zinayi, ndipo musiyire akatswiri kusiyanitsa botswanae ndi wintoni, ntchito imene nthawi zina imafuna kuyeza chigaza kapena kupima DNA.